Kompresa Yosamva

Mlonda ataimba foni kuti kompresa, makina opopa mpweya, ikugwedera, makaniko anabwerera kufakitale kutada, akung'ung'udza njira yonse. Katatu konse anali atapala kirankishafiti yake, shafiti imene kompresa singayende popanda iyo, kuti kulemera kufanane mbali zonse, koma makinawo osasintha. Abwana anali atanena kale kuti ikanjenjemeranso mawa, ntchito yatha.

"Achimwene, simukuimva?" anafunsa mlonda.

Makaniko ankaimva. Gu, gu, gu, mpaka malata kulira.

"Ndani wabwezeramo shafiti ndisanamalize kuiyeza? Anthu inu mumatopetsa!"

"Palibe walowa," anayankha mlonda, osasuntha pakhomo.

Makaniko analowa akutukwana, n'kuunika ndi tochi. Shafiti ija inali patebulo pamene anaisiya, ataifunditsa kansanza. Kumbuyo kwake, kompresa inawonjezera liwiro.