Chulu cha Nkhanga ndi Sitolo ya Nguluwe

Padangokhala, msewu watsopano udadutsa m'nkhalango, nyama zonse n'kuyamba kulota malonda.

Nkhanga ndi Nguluwe ankagulitsa ngumbi, aliyense ali ndi chulu chake m'mbali mwa msewuwo. Tsiku lina Nguluwe adatulukira ndi khasu ndi chikombole.

"Achemwali, dothi la pachulu limaumba njerwa zolimba. Gumulani chanucho timange masitolo a malata. Ogula a masiku ano safuna zoyala pansi."

Nkhanga sitolo ankaifuna ndithu. Koma atatchera khutu pachulu chake, adamva chiswe chili pantchito m'katimo.

"Achimwene, sitolo ndimanga, koma dothi ndikatapa kwina. Katundu wanga amagona m'menemu."

Nguluwe adaseka mano onse panja. Adafukula chulu chake mpaka padatsala dzenje, nawotcha njerwa, namanga chisitolo chopaka penti. Nkhanga ankatuta dothi kutali, khosi likuwawa, ndipo kasitolo kake kadatha mochedwa.

Mvula yoyamba itagwa, chulu cha Nkhanga chidalavula ngumbi ngati utsi. Adakazinga, fungo lidakafika kumsewu, ogula adandanda mpaka kuseri. Kwa Nguluwe m'mashelefu mudalibe kanthu, achule okha akuimba m'dzenje muja.

Nguluwe adabwera ndi beseni, maso ali pansi. "Achemwali, ndipikuleko."

"Pikulani, achimwene," adatero Nkhanga akumuyezera. "Ine ndimayesa njerwa zanu zija zimera mapiko."

Mpaka lero Nguluwe amayenda mphuno ili pansi, kufukula paliponse, kufunafuna chulu chimene adagumula yekha.