Mbale za Takhati

"Lembani kuti bulu uja ndagulitsa," anatero Takhati. "Musakometse, alembi. Lembani momwemo."

Ndinaviika kabango mu inki n'kulemba mozungulira m'kati mwa mbale yadothi. Imeneyi inali mbale yake yachisanu ndi chinayi.

Padoko la Tebesi, pamene mabwato amanyamulira anthu opita kumanda kutsidya kwa mtsinje wa Nailo, tinalipo alembi asanu ndi mmodzi. Ntchito yathu inali kulembera amoyo makalata opita kwa akufa. Timalemba m'mbale, mwini wake amaikamo buledi ndi anyezi n'kukasiya pamanda. Wakufayo akamaliza kudya amapeza mawu pansi, ndipo afune asafune amawerenga. Anzanga asanu aja ankakhala kumtunda, pamthunzi wa mikuyu. Ine, Ipuki, ndinkakhala kumapeto, pafupi ndi ogulitsa nsomba, ndipo alendo anga okhulupirika anali ntchentche.

Koma Takhati, mkazi wamasiye wa Khonsumose mmisiri wa mabwato, ankawadutsa alembi onsewo. Akatha masiku khumi ankatulukira mbale ili m'khwapa, osayang'ana uku kapena uku, n'kudzakhala pamphasa panga.

Munthu wanzeru ngati ine sachedwa kumvetsa zinthu zotere.

Makalata ake oyamba anali ngati a aliyense. Amuna anga, mwana akutsokomola, ngati ndinu mukuchititsa lekani. Amuna anga, mchimwene wanu watenga nkhwangwa, mumulotetse zoopsa. Kenako anayamba kuulula. Anali atasiya kulira. Anali atavina paphwando la mulungu wamkazi Hatori. Tsiku la bulu lija, nditaumitsa inki, anakhalabe pansi akuseweretsa mphonje ya nsalu yake.

"Onjezerani mzere umodzi," anatero motsitsa mawu. "Muwauze kuti pali mwamuna wina."

Ndinaviikanso kabango mu inki. "Wotani, mayi? Akufa amafuna tsatanetsatane."

"Lembani kuti si wokongola, asachite nsanje. Ali ndi kamimba. Anthu amamuseka. Koma ndikamalankhula amamvetsera mawu anga onse, limodzilimodzi."

Ndinayang'ana mimba yanga. Zinkagwirizana.

Masiku khumi otsatirawo sindinawataye. Ndinamata denga lomwe linang'aluka zaka zitatu zapitazo. Ndinapereka mkate wauchi kwa Hatori, mwini zachikondi, ngakhale ndinaulumako pang'ono m'njira. Mayi anga anali atandipezera mwana wa woumba njerwa, mtsikana wamphamvu wosadandaula, ndipo zokambirana zinali zitafika patali. Ndinawauza kuti abweze mawu.

"Wapenga?" anatero mayi. "Zaka makumi anayi, ndipo aka n'koyamba banja la anthu kuvomera!"

"Amayi, pali wina amene wandisankha yekha."

"Amaona bwinobwino?"

Ndinabwereka wigi kwa mlamu wanga, ndinadzola mafuta onunkhira, n'kupita kudoko ndikuyenda ngati wansembe wamkulu. Wigiyo inkatsetserekera kumaso, mafutawo anaitana ntchentche za tsidya lonse.

"Ipuki!" anakuwa mmodzi wa anzanga a pamthunzi. "Mwini tsitsi limenelo anaikidwa kale, kapena akadali kwa oumitsa mitembo?"

Onse anaseka mpaka kugwetsa inki. Ndinawakhululukira. Njiru ndi matenda a alembi.

Takhati anafika dzuwa lili pamutu. Anali atavala nsalu yoyera yatsopano, duwa la m'madzi lili m'tsitsi. Anawadutsa asanu aja monga mwa nthawi zonse, ndipo ine ndinaonetsetsa kuti aona. Atakhala pansi anayang'ana wigi yanga kanthawi, n'kuyang'ana kumbali. Manyazi, ndinatero mumtima.

"Lero ndi mbale yomaliza, alembi," anatero. "Ndikufuna ndiwauze dzina."

"Nenani, mayi. Musaope. Mwina mwini dzinalo akulidziwa kale."

"Lembani: amuna anga, ndakulirani mokwanira, buledi wanu sindinadumphitsepo. Tsopano ndikukwatiwa. Dzina lake ndi..."

Dzanja langa linali litayamba kale chilembo choyamba cha Ipuki.

"...Penibuyi, wofulula mowa wa kuseri kwa kachisi. Tilowana madzi osefukira a Nailo akaphwa."

Kabango kanandipulumuka n'kugwera m'fumbi. Penibuyi ndinkamudziwa. Kamimba anali nako, zoona, kuposa kanga.

"Penibuyi?" Mawu anga anatuluka ngati a mbuzi. "Nanga ine, mayi? Miyezi itatu yathunthu mwakhala mukudutsa alembi asanu, a mthunzi wawo ndi mphasa zawo zatsopano, kudzakhala pano pafungo la nsomba. Ngati sichinali chikondi, chinali chiyani?"

Takhati anagwira pakamwa. Anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni, chimene chinandiwawa kuposa kuseka kwa anzanga.

"Ayi, alembi, pepani! Inu simunadziwe? Apongozi anga anandilumbiritsa pamaso pa mulungu Amuni kuti ndiziwalembera malemu chilichonse, osabisa kanthu. Lumbiro sindingaswe. Komatu malemu aja anali ndi ukali, akanamva za bulu yekhayo bwenzi atandithyola mwendo."

Anatola kabango kaja, anakapukuta bwinobwino n'kundibwezera m'manja.

"Ndiye ndinafunsa padoko pano kuti ndi mlembi uti amene zolemba zake sangaziwerenge munthu, wamoyo ngakhale wakufa. Onse asanu analoza inu."