Ufa wa Tirigu M'zikhadabo

"Imani pomwepo, amayi," anatero mwana wanga wamwamuna ali pakhomo la chipinda chimene ndimaphikiramo buledi wogulitsa. Anali atanyamula kamtsikana kake.

Ndinaima, manja ali mbuu ndi ufa.

"Adokotala apeza vuto. Ndi tirigu, akumuwononga matumbo. Kutsegula m'mimba kuja, kutupa mimba, kusakula, zonsezo gwero lake ndi limodzi."

"Ndiye amupatse mankhwala, nkhani ithe."

"Mankhwala ake kulibe. Asadzadyenso tirigu moyo wake wonse, ngakhale kanyenyeswa. Kuno sindizibweranso naye."

Zaka zitatu kamdzukulu kangaka ndinkakadyetsa buledi wotentha m'mawa uliwonse, uku ndikukalipira mpongozi wanga kuti sadziwa kulera. Kakaonda, ine ndinkawonjezera.

Kanatambasula timikono take towonda. "Agogo, ndinyamuleni! Mwandisungira kabuledi kakumapeto kaja?"

Ndinali nditakasungira, pa mbale yake yamaluwa.

Ndinayang'ana epuloni yanga, kenako zikhadabo. Zaka makumi anayi ndikukanda ufa, sopo sanauchotsepo wonse.

"Agogo, mwakwiya nane?"

"Ayi, mayi wanga."

Ndinabisa manja kumbuyo.