Apudeti Imene Inameza Mawu a Malemu

Panali munthu wina, ndipo amene anandisimbira akuti anamuona ndi maso, wokonza mavidiyo pa kompyuta. Anthu ankamutcha Zaphweka, chifukwa ntchito iliyonse imene wamupatsa ankangoti, "Zaphweka izi." Ankagwira ntchito m'kachipinda kamodzi ndi mlamu wake, mkazi wa achimwene ake, amene ankasindikiza makadi a ukwati pa tebulo la pawindo.

Tsiku lina kunabwera bambo wachikulire, dalaivala wopuma pa ntchito, ali ndi memori khadi m'kabokosi ka machesi. Mkazi wake anali atamwalira, ndipo foni ya malemuwo inali itagwera m'madzi. Mu khadimo munali kavidiyo kamodzi: mayiwo akusita zovala uku akuimba, kenako n'kuseka atazindikira kuti akujambulidwa.

"Mawu awo atsala muno mokha, mwana wanga," anatero bambowo. "Koma phokoso la wailesi likuwaphimba. Undichotsere, zidzukulu zidzamve mmene ankaimbira."

"Zaphweka izi, bambo. Mubwere Loweruka."

Khadi ija inali italowa dzimbiri. Inatseguka kamodzi, vidiyo inalowa mu pulogalamu yokonzera, kenako khadi inafa osadzukanso.

"Alamu, kopani vidiyoyo pa flashi," anatero mlamu wake. "Mayiwa tsopano atsala pamalo amodzi."

"Ndikopa ndikamaliza. Kodi ine ndimakuphunzitsani kudula mapepala?"

"Pepani, ndinaiwala kuti ndinakwatiwa m'banja la akatswiri okhaokha."

Lachisanu m'mawa, ntchito ili pakati, pa sikirini panabwera uthenga woti pulogalamuyo yatuluka yatsopano, yokhala ndi chida chochotsa phokoso bwino kuposa kale. Zaphweka anamwetulira.

"Alamu, injini sasintha galimoto ili pa ulendo," mlamu uja anachenjezanso. "Malizani kaye."

Iye anali atadina kale. Kamzere kanayenda mpaka pakati, n'kuima. Kenako panatuluka uthenga woti apudeti yalephera chifukwa mu kompyuta mulibe malo okwanira. Pulogalamu yakale inali itagumulidwa, yatsopano isanamangidwe, ndipo palibe imene inkatseguka. Anazimitsa kompyuta, kuyatsanso, kuyesanso. Chimodzimodzi.

"Chotsani manja pamenepo," anatero mlamuyo. "Yadwala ndi pulogalamu, mafayilo akadali moyo. Kopani kaye zonse. Mukatero muwerenge zimene eni pulogalamuyo alemba, kapena mubwezeretse yakale ija."

"Loweruka ndi mawa, alamu. Nthawi yowerenga ndiipeza kuti?"

Anajambula sikirini n'kutumiza ku gulu la pa foni la okonza mavidiyo. Posakhalitsa munthu wina wosadziwika, wopanda ngakhale chithunzi, anayankha: "Bwana, musavutike. Lowani mmene pulogalamuyo imasunga zinthu zake, mufufute foda yaikulu kuposa onse. Ndi zinyalala chabe. Musaiwale kukhuthula bini."

Okonza mavidiyo anazolowera kufufuta zinyalala zimene mapulogalamu amasiya, choncho malangizowo sanamudabwitse. Foda ija sanaitsegule n'komwe. Anafufuta, n'kukhuthula bini, momwe zofufutidwa zimadikira zisanatayikiretu. Sanadziwe kuti pulogalamu imeneyi imasunga mu foda yomweyo chilichonse chimene munthu wailowetsera.

Malo anapezeka. Apudeti inayenda bwinobwino mpaka kumapeto.

"Mwaona, alamu? Mundigulire tiyi!"

Anatsegula ntchito ija. Pamene panali mayi osita zovala panali kabokosi kakuda, ndi mawu oti fayilo sikupezeka. Anafufuza paliponse, thukuta lili kamukamu. Anathamangira ndi kompyutayo kwa mmisiri wobweza mafayilo otayika. Mmisiriyo anaipima, n'kupukusa mutu.

"Mukanabwera musanaike chinthu china, mwina tikanaipeza. Pulogalamu yanu yatsopanoyi yakhala pamalo penipeni pamene panali vidiyoyo."

Zaphweka analemberanso munthu wa pagulu uja. Yankho linali lalifupi: "Kwa ine zinatheka, bwana."

Loweruka bambo aja anafika atavala jekete, ali ndi mwana wawo wamkazi. Zaphweka anaimirira, manja kumbuyo, n'kufotokoza zonse osabisa.

"Mwatiphera amayi kachiwiri!" analira mwanayo.

Bambo ake anakweza dzanja kuti akhale chete. Maso awo anali pa sikirini. M'munsi mwa kabokosi kakuda kaja munali mutatsala mzere wobiriwira, wokwera ndi kutsika ngati mapiri.

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Ndi chithunzi cha mawu, bambo. Pulogalamu imajambula mmene mawu akukwerera ndi kutsika. Koma mawuwo palibe."

Bambowo anavala magalasi, n'kuyamba kutsatira mzerewo ndi chala, milomo ikugwedera ngati munthu amene akuimba chamumtima. Atafika pamene mzere unatalika kwambiri, chala chinaima.

"Apa ndi pamene anandiona ndi foni," anatero motsitsa. "Apa ndi pamene anaseka."

Kenako anatembenukira kwa mlamu uja.

"Mayi, ndisindikizireni ichi."

Mayiyo anatenga pepala lolimba, lija la makadi a ukwati, n'kusindikizapo mzerewo. Bambowo anaika pepalalo m'thumba la pachifuwa, anathokoza, n'kutuluka. Kabokosi ka machesi kanatsala patebulo. Akuti kuyambira tsiku limenelo palibe amene anamumvanso wokonza mavidiyo uja akunena kuti zaphweka.

Phunziro: Musanadine apudeti, kopani kaye ntchito yanu pamalo ena, ndipo musasinthe pulogalamu ntchito ili pakati. Ikalephera, musafufute foda imene simunaione m'kati, ngakhale wokuuzaniyo alankhule ngati katswiri. Pulogalamu mudzaipezanso, koma ife amene tinatsala tokha tikudziwa kuti munthu akapita, choyamba kuthawa m'mutu ndi mawu ake. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, makamaka amene amasunga zinthu za eni m'makompyuta awo.