Nsapato za Emama Tiruwork

Alendo khumi ndi mmodzi anali atavala kale nsapato zawo. Pakhomo la tchalitchi cha Mariya panatsala ziwiri zakuda, zoikidwa bwinobwino pamwala.

Wubshet anazidziwa nthawi yomweyo. Zinali za Emama Tiruwork, gogo wina wa m'gulu la alendowo.

Mnyamatayu anali ataperekeza alendo kwa zaka zisanu ndi chimodzi osatayapo munthu, ndipo chinsinsi chake ankachiulula ngakhale kwa amene sanafunse. Mitu, ankatero, imayendayenda: uyu wapita kukajambula, uyo akugula mtanda. Koma nsapato sizinama. Palibe amalowa nazo m'tchalitchi, palibenso amatuluka n'kuzisiya. Zikakhala pakhomo, mwini wake ali mkati.

Linali tsiku lomaliza la ulendo. Anali ataona zipilala za ku Aksum ndi nyumba zachifumu za ku Gondar, ndipo tsopano anali ku Lalibela, pakati pa matchalitchi osemedwa m'thanthwe. Ndege yobwerera ku Addis Ababa inali kunyamuka pakangotha maola awiri. Kumeneko n'kumene kunali Meskerem, mwana wa Emama Tiruwork, atagwira matikiti awiri a ku Canada. Ulendowu anaulola monyinyirika, kuti amayi ake atsanzikane ndi dziko asanawatenge. Ankaimba foni katatu pa tsiku, ndipo mawu anali amodzimodzi: amayi akuiwala masiku ano, osawasiya okha ngakhale pang'ono.

Wubshet anadzionera yekha kuti zinali zoona. Ku Gondar gogoyu ankatsalira m'mbuyo, n'kumayankhula yekha. Ankafunsa tsiku m'mawa, n'kufunsanso madzulo. Dzulo lokha anafunsa kanayi kuti ndege inyamuka nthawi yanji.

Anathamangira kwa Gashe Belayneh, nkhalamba imene inkalondera nsapato pakhomopo, n'kufunsa ngati anawaona amayi aja.

"Ine ndimayang'ana pansi, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Nkhope ndi ntchito yako."

Wubshet anavula zake n'kulowa. Mkati munali fungo la lubani ndi wansembe mmodzi amene ankapinda nsalu. Anayang'ana kuseri kwa mizati yonse, ndi pakona pamene pamakhala ng'oma. Wansembeyo anati azimayi okalamba ovala zoyera amalowa mazanamazana, ndipo onse amafanana ndi amayi ake omubereka.

Anatulukira khomo la m'mbali. Apa mpamene anayamba kuthamanga zenizeni. Matchalitchi a ku Lalibela amalumikizana ndi timipata topapatiza, makwerero oterera ndi maenje akuya moti munthu akagweramo satuluka akuyenda. Anadutsa timipata tonse akuitana. Analowa tchalitchi chachiwiri, chachitatu. Anasuzumira m'timapanga ta m'khoma. Analowa ngakhale chipinda chimene azimayi saloledwa, poganiza kuti munthu woiwala tsiku angaiwalenso lamulo.

Foni inalira. Anali Endale, woyendetsa basi.

"Achimwene, ndege si mkazi wako kuti ikudikirire. Alendo akundidya kuno."

Anamuuza kuti adikire pang'ono. Inaliranso, ndipo ulendo uno anali Meskerem. Anaisiya ikulira mpaka inatopa.

Anabwerera pakhomo paja ali wefuwefu. Nsapato zinali pomwepo. Zinamulimbitsa mtima pang'ono: thanthwe linali litatentha ngati chiwaya, ndipo gogo wa mumzinda wopanda nsapato sakanafika patali. Ali pompano. Mwina akhala pamthunzi penapake, aiwala chimene anabwerera. Mwina agwa.

Anathamanganso, tsopano mpaka ku kanjira kamdima ka pansi pa thanthwe, kamene alendo amadutsa atagwira khoma. Anaunika ndi foni, akuopa chimene angachione. Anangopeza ndodo yothyoka ndi mleme.

Potuluka anaimbira Endale n'kumuuza kuti apite nawo alendo khumi ndi mmodziwo. Endale anafunsa ngati akudziwa chimene abwana angachite ndi woperekeza amene wasiya gulu lake. Wubshet anati akudziwa.

Ola lina lonse linathera m'maenje omwewo. Analemba anthu awiri oti amuthandize, anauza alonda a pachipata, ndipo mayi wina wogulitsa makandulo anayamba kulira asanamve n'komwe kuti wasowa ndani. Mapazi a Wubshet anatuluka matuza. Meskerem anaimba kasanu.

Pomaliza anadzigwetsa pamwala, pafupi ndi nsapato zija, n'kuyamba kukonza mawu oti amuuze Meskerem. Chiganizo chilichonse chimene anayesa chinkayamba ndi "pepani" n'kuthera panjira.

Gashe Belayneh anayang'ana dzuwa, kenako anayang'ana mnyamatayo.

"Ndege ija yapita?"

"Yapita kale, Gashe."

Mkuluyo anawerama, anatola nsapatozo, anazipukuta ndi m'mphepete mwa nsalu yake n'kuzipana m'khwapa. Wubshet anadzuka kuti amulande. Anati azisiye pomwepo, chifukwa amayi akapezeka azifuna.

"Ndi za mkazi wanga tsopano. Anandipatsa eni ake." Belayneh anatola ambulera yake mosafulumira. "Amayi aja m'tchalitchimu sanalowe. Anavula n'kutembenukira pomwe waimapo, iwe uli kalikiliki kufotokoza za mizati. Panja panali masisitere awiri a kuphiri ndi nyulu yoti amayiwo akwere, ndipo anapita nawo; ati malo m'nyumba ya masisitereyo anawasungira kuyambira chaka chatha. Amayiwo anati mnyamata uja amawerenga nsapato, zikhale pamenepa mpaka ndege ipite."

Foni inayambanso kulira m'dzanja la Wubshet.

"Yankha," anatero mkuluyo. "Amayi aja ati umuuze mwana wawoyo kuti palibe chimene anaiwala."