Tsiku Limene Batire Anadula Waya

Babu linaphethira kawiri, ndipo Batire anamenya khoma ndi chibakera.

"Achimwene! Ayironi yanuyo!"

Kuseri kunangomveka kukhosomola, kenako wailesi inakwezedwa. Khoma lake liti? Matabwa chabe, amene anakhomedwa pakati pa nyumba chaka chimene bambo awo anamwalira. Mbali ina kunkakhala akulu ake, atelala. Mbali inayo kunali Batire, wokonza mafoni, amene anthu anamupatsa dzinali chifukwa sachedwa kutentha. Anagawana zipinda, mipando, ngakhale masupuni. Chimene chinakanika kugawa ndi mita ya magetsi. Atelala akangoyatsa chiayironi chawo chija, swichi yaikulu inkagwa, nyumba yonse kuti zii.

Lero silinali tsiku la masewera amenewo. Pansi pa tebulo la Batire panali kakompyuta kakuda kosazimitsa. Kameneka ndiye kanali nodi yake, makina otsimikizira malonda a ndalama za pa intaneti, kuti munthu atumize zake popanda kugwadira banki. Nodiyo inkalankhula ndi zinzake kudzera pa netiweki yobisa, yokuta uthenga m'makokomakoko ngati anyezi, moti palibe amene ankadziwa kuti mnzake ali dziko liti. Batire ankazikonda choncho. Akuba anamuthyolerapo shopu, ndipo sankafunanso kuti wina adziwe khomo limene pagona ndalama zake.

Womugulitsa magalasi a mafoni anali atanena mosapsatira: malipiro afike dzuwa lisanalowe, apo ayi katundu apita kwa ena. Popanda katunduyo, shopu inali yotseka basi. Koma nodi ikatsalira m'mbuyo situmiza kanthu, ndipo yake inali ikadathamangira zinzake chifukwa cha kuthima kwa dzulo. Kuthima kwa ayironi yomwe ija.

Intaneti yake inali ya pafoni, yoyenda ngati nkhono. Yamphamvu, ya waya, inkalowa mbali ya atelala, amene ankati n'njoonera mpira. Batire anapemphapo pasiwedi kamodzi kokha. "Gula yako," anayankhidwa choncho, chitseko n'kumumenyetsera pamphuno.

Chifukwa cha kuchedwako, manodi ena ankangomutaya. Imodzi yokha ndiyo sinkamusiya. Mwini wake anakumana naye pa bwalo la pa intaneti la anthu obisa mayina, kumene Batire ankadzitcha Ziro. Ankalemberana m'Chingelezi, ndipo dzina la munthuyo linali manambala okhaokha, choncho Batire ankangoti Mzungu wanga. Munthu wake woleza mtima bwanji! Magetsi akathima n'kubweranso, Batire akayatsa makina, Mzungu wake naye ankatulukira nthawi yomweyo, ngati anali pakhomo kumudikira. M'mawa umenewo Batire anamulembera kuti lero ndiye lero, moyo wa shopu uli m'manja mwake. Yankho silinachedwe: "Sindizimitsa, Ziro, zivute zitani."

"Waona," Batire anauza kakompyutako. "Mlendo wa kutsidya kwa nyanja ali ndi mtima. Koma wobadwa naye mimba imodzi, njoka yeniyeni."

Ankadana nawo akulu akewo, chidani chenicheni, chosowetsa tulo. Ankadana ndi kutsokomola kwawo, kulira kwa makina awo osokera, ngakhale kayendedwe kawo kokhwekhwereza masilipasi.

Pa sikirini mzere wobiriwira, wosonyeza mmene nodi yayandikirira zinzake, unali pafupi kudzaza. Dzuwa linali litapendeka. Apo kuseri kunabuka phokoso: kasitomala ankalalata kuti suti yake ya ukwati ndi makwinya okhaokha, asitiridwe pompano. Babu linaphethiranso.

Batire magazi anawira. Ndiye kuti ayironi ikuyatsidwa, swichi igwa, nodi ibwerera m'mbuyo, shopu ifa, atelala n'kumaseka kuseri kwa matabwa. Ayi, lero ayi! Anatola pulayala, n'kukwera pampando. Waya wa magetsi wopita mbali ya akulu ake unkadutsa pamwamba pa khoma, m'chipinda chake momwemo. Anaudula mwaluso, nthambo imodzi payokha, inzake payokha, kuti swichi isagwe. Kenako anadulanso chapatali, nachotsa chidutswa chachitali ngati mkono. Anatuluka panja n'kuchiponya padenga. Alumikize ndi ulusi, poti ndi atelala.

Wailesi ija inakhala chete. Babu la Batire linkawala bwinobwino. Anabwerera patebulo akuimba mluzu, mtima uli mbee.

Mzere wobiriwira unali utaima. Pamalo posonyeza manodi olumikizana naye panalibe ngakhale imodzi. Anadina apa, anadina apo, thukuta lili kamukamu. Mzungu wake, amene sanamutayepo chiyambire, anali atasowa.

"Osati lero, bwana wanga," ananong'ona. "Chonde, osati lero."

Khoma linagwedezeka. Atelala ankalimenya ndi manja onse awiri, akukuwa ndi ukali umene Batire anali asanaumvepo.

"Iwe galu iwe, wachita chiyani? Ine tsiku lonse ayironi osaikhudza, makasitomala akunditukwana, kuopa kuti swichi ingagwe! Kuli mwana wa eni ake kunja uko, dzina lake Ziro, shopu yake ikudalira nodi yanga madzulo ano. Wamupha, mfiti iwe!"