Mlandu wa Khoswe Woyera

Bambo anakweza chala m'mwamba kuti aliyense m'chipinda chochezeramo achione bwino. Panali timabowo tiwiri togundizana, tofiira psuu.

"Mano awiri akutsogolo," anatero. "Kachiwiri tsopano."

Maso onse anatembenukira pakona, pomwe panali kakhola ka waya ka Bwanamkubwa.

Bwanamkubwa anali khoswe. Osati makoswe akudzala aja ayi, koma woweta, woyera ngati thonje, wosamba Loweruka lililonse. Mwini wake anali mzime wa m'banjamo, mtsikana amene onse ankamutcha Wailesi, chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, pofika masana msewu wonse wamva, ndi zowonjezera zomwe. Khosweyo ndiye yekha ankamvetsera miseche yake mpaka kumapeto osamudula pakamwa.

Bambo ankagwira ntchito kophika makeke. Ankaweruka masana, n'kufikira pasofa wamkulu wa nsalu yolendewera mpaka pansi uja, kuvula magalasi, n'kuyamba mkonono, dzanja lili lende, zala zikadali mbuu ndi shuga. Kawiri konse anadzidzimuka ndi ululu, koma pomwe ankafufuza magalasi, wolumayo anali atazimiririka. Bambo popanda magalasi sangasiyanitse mbuzi ndi njinga.

"Kachitatu, ndikamupereka kwa mphaka wa aneba," anatero. "Ndi manja angawa."

"Koma ababa, kakhola kamakhala kotseka!"

"Khoswe ndi khoswe. Amadutsa ndi pobowoka singano."

Wailesi anafuna kutsutsa, koma umboni unali wambiri zedi. Rimoti ya kanema inali itatafunidwa kumapeto. Lamba wa chikwama cha Amayi nayenso anali ndi timabowo. Choopsa kwambiri, mchira wa Bwanamkubwa mwini unali ndi bala.

"Wafika podziluma yekha," anatero Amayi, akupukusa mutu. "Imeneyo ndi misala."

M'nyumbamo munalinso Achemwali ake a Wailesi. Iwo anali atabwera kudzacheza mwezi umenewo ndi kamwana kawo kokwawa, Kadovu, kotchedwa choncho chifukwa kulikonse komwe kadutsa pansi pankanyowa. Sabata yomweyo Achemwali anali atakasiyitsa bere mwadzidzidzi n'kukagulira botolo, osanena chifukwa. Wailesi chifukwacho anachipeza yekha, n'kuuza anzake asanu ndi mmodzi kuti akufuna diresi la ukwati wa mnzawo liwakwane.

Tsiku lotsatira Wailesi anamanga chitseko cha kakhola ndi waya, n'kuwonjezera zingwe za nsapato zake zakusukulu, pamwamba n'kusanjika simbi. Kenako anagwada n'kumulangiza mnzakeyo.

"Bwana, tamverani. Amene amakugulirani chakudya ndi omwe mukuwalumawa. Mukufuna shuga? Nenani, ndikuberani. Mphaka uja mwamuona mimba yake?"

Bwanamkubwa anangogwedeza ndevu. Masiku amenewo sankafunanso kutsika pansi. Akamutulutsa, ankathamangira paphewa la Wailesi n'kubisala m'tsitsi. Wailesi anadziwa kuti ndi manyazi a munthu wolakwa.

Masiku awiri anadutsa mwamtendere. Lachitatu masana, Bambo ali mkonono gwaa, Wailesi anamasula zingwe zonse zija kuti asinthe madzi akumwa. Pomwepo kunja kunamveka mbale kusweka, kenako mawu a mkazi wa telala woyandikana nawo, akukalipira mwamuna wake: "Bwerezanso! Wati ndani wakutumizira uthengawu?"

Inu, nkhani ngati imeneyo munthu angaisiye? Wailesi anapezeka ali pawindo, khutu kunja, thupi m'nyumba. Anamva zonse, mpaka mtundu wa nsapato za mkazi winayo.

"Mayo ineee!"

Anatembenuka. Bambo anali chilili, chala m'kamwa, dzanja lina likupapasa magalasi. Kakhola kanali pululu, chitseko yasa.

Amayi anatulukira ndi tsache, Achemwali pambuyo ndi botolo la mkaka.

"Tsekani zitseko!" anakuwa Bambo. "Itanani mphaka!"

"Ababa, pepani, ndine ndinatsegula! Ndilangeni ine. Ndisiya miseche mwezi wathunthu!"

"Iwe? Ungaphulike," anatero Amayi.

Nsalu ya sofa inagwedezeka. Onse anatchera khutu. Kunsi kunkamveka kutafuna, tsaku tsaku, kopanda ndi mantha omwe.

"Mwamumva? Akunditsukuluzira m'kamwa," ananong'ona Bambo. Analanda tsache kwa Amayi, anakonza magalasi pamphuno, n'kugwira nsonga ya nsaluyo.

Wailesi anatseka maso. Sankafuna kuona. Anakweza nkhope kumwamba kuti apemphere, n'kutsegula diso limodzi. Pamwamba penipeni pa katani panali kanthu koyera, kakunjenjemera, katafungatira mchira wake ndi timanja tonse tiwiri.

Bambo anavundukula nsalu. Kadovu anatuluka chokwawa, shuga ali mbuu pachibwano, akumwetulira ndi timano tiwiri tatsopano, takuthwa ngati misomali.

"Eya," anatero Achemwali, akusisita pachifuwa. "Inu mumayesa bere ndinamusiyitsira diresi?"